Tiyi wa mu ofesi ya abwana

Mdzukulu wanga,

Amayi ako anandiimbira foni Lamlungu madzulo ndili pakhonde kusenda mtedza wa mbewu, kundiuza kuti anzako a ku fakitale ku Lusaka akusankha kukhala shopu sitiwadi. Amalankhula mokondwa ngati wakhoza mayeso. Ine ndinangoti duu, mpaka anayamba kufunsa ngati netiweki yathawa, pakuti kuno kwa Kapichila imabwera n'kuchoka ngati mvula ya chizimalupsa. Netiweki inalipo. Ndimakumbukira tsiku limene nanenso anzanga anandikwezera manja mu kantini ya fakitale ina ku Ndola m'chaka cha 1976, ine n'kumayesa andiveka ulemu. Mwezi usanathe ndinali nditadziwa kuti andisenzetsa mtolo, ndipo nkhata ndinayenera kudzipotera ndekha.

Sindikuletsa ayi. Ukakana iwe adzasankha wina amene akuufuna udindowo, ndipo munthu wolakalaka mpando wa yuniyoni ine ndimamuopa kuposa kapitawo waukali. Koma poti wavomera, tchera khutu ndikuuze zimene ine panalibe wondiuza.

Mawa lomwe ukagule kope lachikuto cholimba, lokwana m'thumba la ovolosi, ndi bolopeni ziwiri. Usanditchulire foni. Foni imatha moto, imabedwa, ndipo mafakitale ena amaisiyitsa pageti. M'kopemo uzilemba chilichonse, tsiku lake, nthawi yake, amene analipo ndi zimene zinanenedwa. Usiku wina tili pa shifiti, mnyamata wa ku Petauke makina anamudya zala zitatu. Chotchingira lamba anali atachichotsa masabata awiri m'mbuyomo kuti ntchito izifulumira. Kutacha tinapeza chotchingiracho chabwerera pamalo pake, mabawuti omanga bwinobwino, ndipo lipoti la kapitawo likuti mnyamatayo amasinza. Ine ndinali nditalemba tsiku limene chinachotsedwa, dzina la amene analamula, ndi kuti ndinadandaula kawiri. Anthu anayi anasaina pansi pake usiku womwewo, mmodzi anadinda chala ndi girisi chifukwa sankadziwa kulemba. Mlandu unatenga zaka ziwiri, koma mnyamatayo analandira chipukutamisozi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala mu yuniyoni ndinalankhula pamisonkhano yambiri anthu n'kumaomba m'manja, koma palibe mawu anga amene anagwira ntchito ngati tsamba lija la girisi.

Malamulo uwadziwe kuposa bwana wako. Ife tinkavutika kuwapeza, inu muli nawo m'manja. Employment Code Act ya 2019 uiwerenge mpaka uziilota. Sabata ya ntchito ndi maola 48, opyola pamenepo ndi ovataimu ndipo ali ndi mtengo wake. Mayi wapantchito ali ndi tsiku limodzi pamwezi, lija mumalitcha Mother's Day, safunika kalata ya dokotala kapena kufotokozera mwamuna aliyense chifukwa chake. Tchuthi cha uchembere ndi masabata 14. Kuyambira 2015 lamulo linaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito yomwe ndi yokhazikika, ngakhale ndikumva kuti alipobe amene amachotsa anthu miyezi isanu ndi umodzi isanakwane n'kuwalembanso mawa lake. Za penshoni ya NAPSA usakhulupirire pepala la malipiro lokha. Pepala lingasonyeze kuti 5 peresenti yadulidwa, ndalama osafika kumene ikupita. Uziwatuma anzako kukaona okha. Ndipo Industrial and Labour Relations Act ndiyo imanena njira yoyenera kutsata musananyanyale ntchito. Imeneyo ine ndinaiphunzira mochedwa, ndikuuza kutsogoloku.

Uyembekezere kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Abwana adzati ndiwe woyambitsa chisokonezo, anzako adzati wagulidwa, zonsezi sabata imodzi. Adzakugogodera usiku chifukwa cha munthu amene wachotsedwa ntchito ataledzeradi, ndipo udzamuimira, chifukwa ngakhale wolakwa ayenera kumvedwa asanaweruzidwe. Ukamupulumutsa sadzabwera kudzathokoza. Ukalephera, komboni yonse idzadziwa. Zimenezi n'zowawa koma sizipha.

Chimene chimapha ndi tiyi.

Nditakhala wapampando wa nthambi yathu, bwana woyang'anira za antchito anayamba kumandiitana ku ofesi yake ndekha. Munthu waulemu, wosakweza mawu. Mu ofesimo munali fani, kapeti, ndi tiyi wamkaka m'kapu yokhala ndi kambale kake, mabisiketi pambali. Ine wochokera kumakina, m'makutu mukulira, manja akuda, ndinkachita manyazi kugwira kapu yoyerayo. Sitinkakamba za ntchito. Ankafunsa za ana, za mvula kumudzi, za msewu wa Chipata ndi Lundazi. Tsiku lina anati, "A Tcheyamani, ndamva mukumanga kwanu. Malata mwapeza?" Ndinati ayi, ndikusonkhanitsa pang'onopang'ono. Anati kampani ili nawo otsala, nditenge, azidzandidula pamalipiro mwezi ndi mwezi. Pepala panalibe. Ndinatenga. Mwezi unatha osadula, wachiwiri osadula, ine osakumbutsa.

Kenaka inafika nthawi yokambirana za malipiro ndi ovataimu. Tinakhala patebulo, iwo uko ife kuno. Bwana uja sanatchule malata ngakhale kamodzi. Ankangondiyang'ana mwaubwenzi, ndipo ine lilime linalemera. Pamene ndinayenera kumenya tebulo ndinati tikaganizire. Pamene ndinayenera kukana ndinati tamva. Potuluka, mdala wina wa ku Mporokoso amene anali mu komiti yathu anandikokera pambali n'kunena kuti, "A Tcheyamani, lero mumalankhula ngati muli ndi mbatata yamoto m'kamwa. Mwadya chiyani?"

Usiku umenewo sindinagone. Agogo ako aakazi, Mulungu awasunge kumene aliko, anangoti, "Kabwezeni." Ndinagulitsa njinga ndi wailesi, ndinakongola kwina, n'kukalipira malata onse ku ofesi ya ndalama, ndipo ndinaumirira lisiti. Pamsonkhano wotsatira ndinaimirira n'kuulula ndekha, lisiti lili m'manja. Ena anandinyoza, ena anaseka, ndipo pachisankho ndinapulumukira pakamwa pa ng'ona. Koma mgwirizano wa chaka chimenecho unali utasainidwa kale, ndipo anthu mazana anagwira ovataimu ya mtengo wotsika chaka chathunthu chifukwa cha denga langa. Malatawo alipobe, ndi omwe ali pa nyumba yaing'ono ija mumagonamo mukabwera. Achita dzimbiri. Sindinawasinthe dala.

Choncho mu ofesi ya abwana usalowemo wekha. Tenga mnzako, ngakhale wosalankhula, akhale maso. Ukatuluka, tsiku lomwelo uwauze anthu zimene zakambidwa, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngongole, thandizo la pamaliro, ntchito ya m'bale wako, lifiti ya galimoto ya kampani, chilichonse chimene sungachitchule pamsonkhano mokweza mawu, chisiye. Iwe poti ndiwe mkazi, tiyi wako adzabwera m'makapu ambiri kuposa wanga. Ena adzakutamanda nzeru n'kukulonjeza usupavaiza. Ena adzafuna zina, akakanidwa adzafalitsa kuti unavomera. Mboni ija idzakuteteza ku zonse ziwiri. Ukadzafuna kukwezedwa pantchito, si tchimo, uli ndi moyo wako. Koma tula pansi udindo poyera, usadye uku ndi uku. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Usaganize kuti zimenezi zimagwera ife ang'onoang'ono okha. Mayina amene timawatchula pa 1 Meyi anakumana nazo, ndipo ambiri ndende inawalephera koma zofewa zinawatha.

Kumigodi kusanakhale yuniyoni, anthu akanyanyala ntchito yankho linali mfuti. Mu 1935 ku Luanshya anaphedwa anthu 6. Mu 1940 ku Nkana anafa 17. Makampani ankalankhula ndi antchito kudzera mwa akuluakulu oimira mitundu, Mbemba ndi wake, Mngoni ndi wake, Mlozi ndi wake. Mu 1949 nthambi za m'migodi zinaphatikizana kukhala African Mineworkers' Union, mtsogoleri wake Lawrence Katilungu, munthu amene anayamba waphunzitsapo sukulu, n'kugwirapo ntchito pansi pa mgodi ku Nkana. Mu 1952 anatsogolera sitalaka ya masabata atatu, anthu zikwizikwi, mwabata, osapereka mpata kwa apolisi. Nkhani inapita kwa woweruza wapakati, Guillebaud, ndipo malipiro anakwera. Chaka chotsatira antchito anavota kuti oimira mitundu aja athe. Mu 1955 yuniyoni yomweyo inanyanyalanso masiku 58 ikufuna zambiri, n'kubwerera ndi zochepa. Pofika 1960 Katilungu anavomera kukhala mu komishoni ya Monckton yofufuza za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pamene anthu ambiri akuda ankaikana komishoniyo. Anthu ake anaona kuti watalikira, anamuchotsa pampando, ndipo mu 1961 anafa pa ngozi ya galimoto. Likulu la yuniyoni ya m'migodi ku Kitwe mpaka lero ndi Katilungu House, ndipo ulemuwo ndi womuyenera. Koma taona kuti anamugwetsa ndi omwe anamukweza, atasiya kumuona pakati pawo.

Za mitundu zija ndionjezepo pang'ono. Ku fakitale kwanuko a kum'mawa adzabwera kwa iwe ndi mawu aja akuti wako ni wako. Useke nawo, koma mlandu wa Mtonga uugwire ndi mphamvu zofanana ndi wa mwana wa kwa Mwase kapena kwa Mphamba. Ine amene anandibweza panjira anali mdala wa ku Mporokoso uja, Mbemba, mbuya wanga, yemwe tsiku lililonse ankandinena kuti ndine wodya mbewa ine n'kumamubwezera za anyani. Akwathu anaona zomwezo, anangokhala chete poopa kundichititsa manyazi.

Ukadutsa pa Lusuntha kulowa m'Malawi n'kutsikira kunyanja, ku Nkhata Bay kuli mudzi wa Chifira. Kumeneko kunachokera Clements Kadalie, wophunzira ku Livingstonia, amene mu 1919 anayambitsa yuniyoni ya ICU pakati pa onyamula katundu padoko la Cape Town. Mlendo, wa ku Nyasaland, koma pofika 1927 bungwe lake linali ndi anthu pafupifupi 100,000, m'matauni ndi m'mafamu momwe. Patangopita zaka ziwiri linali litagawikagawika. Boma la azungu linalimenya ndithu, koma chinalidya kwambiri ndi chiswe cha m'kati: ndalama za mamembala zosalongosoka, atsogoleri kukanganirana ukulu, A.W.G. Champion kupatuka ndi anthu a ku Natal. Kadalie anakafera ku East London mu 1951 ali ndi kagulu kochepa. Ndalama ya yuniyoni, mdzukulu wanga, ndi ndiwo zimene mwana wa munthu sanadye. Ngakhale ikhale yosonkhera maliro, muziwerenga anthu awiri, muzilemba, muzilengeza. Usabwereke ngakhale ya minibasi n'kumati ndibweza pa malipiro. Onse amene anaba anayamba ndi kubwereka.

Frederick Chiluba ndinamuona ndi maso angawa, kangapo. Kamunthu kakafupi, kogwira ntchito ya maakaunti ku Atlas Copco ku Ndola komweko, kochokera mu yuniyoni ya omanga ndi amisiri, NUBEGW. Anakhala wapampando wa ZCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni, mu 1974, ndipo akayamba kulankhula ngakhale wogulitsa chimanga chootcha ankasiya mbaula. Mu 1981 boma la Kaunda linamutsekera pamodzi ndi Newstead Zimba ndi anzawo ena, ife tinamukonda kuwirikiza. Mu 1991 tinamuvotera, tikuti tsopano wantchito mnzathu walowa ku State House. Zimene zinatsatira unazimva kwa amayi ako. Makampani a boma anagulitsidwa, salaula inadzaza misika, mafakitale a nsalu anayamba kugwa, Ndola imene inkafuka utsi usana ndi usiku inangoti zii. Sindinena kuti zonse ndi mlandu wake, chuma chinali chitadwala kale ndipo a IMF anali atagwira pakhosi. Za ndalama zimene ankamuimba nazo mlandu, khoti la ku London mu 2007 linamupeza wolakwa, la kuno mu 2009 linamumasula, ine sindine woweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limene tinamutumiza ku ndale tinataya mtsogoleri wa antchito, ndipo amene tinamupeza anali bwana wa mabwana. Ku Malawi nako Chakufwa Chihana, munthu wa yuniyoni amene anakhala zaka m'ndende ya Kamuzu, anabwerera kwawo kuchokera ku Lusaka mu Epulo 1992 akudziwa kuti amumanga pabwalo la ndege, ndipo anamumangadi. Mwezi wotsatira antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, moto n'kufalikira. Kulimba mtima kotero n'kosowa. Koma atalowa m'ndale za mipando, lero ndi awa mawa ndi awo, ambiri amene ankamuimbira m'manja anayamba kukanda m'mutu. A zipani adzakupeza nawenso chisankho chikayandikira, atanyamula zitenje ndi tindalama ta mafuta. Voti yako ndi yako, koma anthu amene anakusankha sanakutume kukawagulitsa ku chipani chilichonse.

Tsopano za sitalaka. Ndasunga kumapeto chifukwa ndi chilonda chimene sichinapole.

Zaka za m'ma 1980 mitengo inkakwera ngati yalumidwa ndi mavu. Unga ukagula lero, mawa mtengo wina. Tsiku lina kapitawo anatukwana mayi wina woyembekezera amene anakhala pansi kuti apume, ndipo anthu anazimitsa makina. Anabwera kwa ine akufuula. Ndinakwera pa dramu, ndinamva kukoma kwa anthu mazana akuitana dzina langa, n'kulengeza kuti sitibwerera mpaka malipiro akwere. Sitinalengeze mkangano mwalamulo, sitinavote, likulu la yuniyoni silinadziwe, thumba lothandizira mabanja tinalibe, ndipo mosungira katundu munali modzaza moti kampani ikanatha kugulitsa miyezi iwiri makina ali chete. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinaopa kuoneka wamantha.

Sabata yoyamba tinkaimba pageti. Yachiwiri anthu anayamba kupita kwa a kaloba, kutenga 10 kuti adzabweze 15. Yachitatu azimayi anayamba kufika pakhomo panga m'mamawa, osalankhula, kungokhala pakhonde ndi ana kumsana. Eni nyumba akufuna lendi. Ena anayamba kulowa pageti la kumbuyo kusanache, anzawo n'kumawadikirira ndi miyala, anthu amene dzulo ankadyera mbale imodzi. Tinabwerera popanda ngwee yoonjezera, ndipo anthu asanu ndi anayi anachotsedwa. Ine ndinatsala, chifukwa kuchotsa wapampando kukanadzutsa likulu. Mkazi wa mmodzi mwa anthuwo tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Sanandipatsenso moni mpaka tsiku limene ndinachoka ku Ndola, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Sindikuti musamanyanyale. Bwana amene akudziwa kuti simunganyanyale sadzakumverani, mudzangokhala kwaya yoimba pa Labour Day. Ku Chambishi mu 2005 fakitale ya zophulitsira miyala inaphulika n'kupha antchito oposa 40, ambiri achinyamata a msinkhu wako. Pali nthawi imene kuzimitsa makina ndi kupulumutsa moyo, ndipo ikafika usazengereze. Koma pa nkhani ya malipiro, usanakwere pa dramu udziwe kuti mukufuna zingati, mungalandire zingati, mabanja angapirire masiku angati, katundu wa kampani ali wochuluka bwanji, ndipo mudzalowanso bwanji pageti mitu ili m'mwamba. Tsatani njira yonse ya lamulo ngakhale ikhale yotopetsa, kuti pasapezeke chifukwa chochotsera munthu. Ndipo pokambirana umusiyire bwana kanjira kotulukira. Ngakhale khoswe ukamutsekera ponseponse amaluma. Abwana si onse afiti. Ndinakumanapo ndi ena achilungamo, amene ankangofuna munthu wowauza zoona ndi manambala m'manja. Uphunzire kuwerenga mabuku a kampani, kuti akamati chaka chino sitinapindule uzidziwa pofunsa.

Kunyumba usakuiwale. Amayi ako anakula akundiona Lamlungu lokha, ndipo nthawi zina ndikamawamva akulankhula nane mwaulemu wopitirira ndimadziwa kuti ndi ulemu wopatsa mlendo. Ntchito itatha mu 1995 dzina langa linali m'gulu loyamba la ochotsedwa, ndalama zathu zinabwera mochedwa zitadyedwa kale ndi kukwera kwa mitengo, ndipo mafakitale otsala atamva kuti ndinali wa yuniyoni ankangoti tidzakuitanani. Chinandipulumutsa ndi munda uno umene agogo ako aakazi ankaumirira kuti tizilima chaka chilichonse ngakhale tili m'tauni. Iwenso ukhale ndi pogwira pena. Munthu amene alibe kothawira amaopa msanga, ndipo wamantha sachedwa kulandira malata.

Kunonso nkhondo yake ndi yomweyo, yangosintha malaya. Ogula thonje ndi soya amabwera ndi sikelo zawo ndi mtengo wawo, ife aliyense payekha ndi thumba lake panjinga. Chaka chatha tinagwirizana mabanja angapo kuti tigulitse pamodzi ndipo tiyambe tayesa sikeloyo ndi thumba la feteleza losatsegula la makilogalamu 50. Inasonyeza 46. Ndinalemba m'kope.

Kope langa loyamba lija, la tsamba la girisi, ndalikulunga m'pulasitiki ndipo ndapatsira mwana wa a malume ako amene akwera basi ya Lachisanu pa boma. Akakufikira pa Intercity Loweruka m'mawa, ukamuchingamire. Masamba a kumapeto ndi oyera, sindinalembemo. Ukamabwera pa Khirisimasi unditengere mgwirizano umene yuniyoni yanu inasainirana ndi kampani, pamodzi ndi magalasi owerengera a nambala 3, akalewa anathyoka mwendo. Ndikufuna ndiuwerenge ndekha ndime ndi ndime, ndione ngati muli mbatata yamoto.

Ndine agogo ako,
kuno kwa Kapichila.